Kusiya foni yotatcha n'kubwerera ku kafoni ka mabatani: munthu ayambire pati?

Nabanda, woyang'anira gulu: Muli bwanji nonse. Funso ili likumabwera mobwerezabwereza, ndiye tilikambe pano kamodzi kuti wina akadzafunsanso tizingomulozera. Munthu watopa ndi foni yotatcha. Akadzuka ndi foni, pa nsima ndi foni, 1 koloko usiku akadali pa TikTok, bandulo ya mwezi ikumatha pa masabata awiri. Akufuna kuisiya n'kugula kafoni ka mabatani. Ayambire pati, ndipo ataya chiyani? Amene mumazidziwa bwino tipatseni ndondomeko yeniyeni, osati zongoti "adziletse".

aPhiri okonza mafoni: Zikomo mayi. Asagule kaye kalikonse, ayambe wayeza. Foni yake yomweyo imasunga kale kaundula wa zonse zimene amachita. Pa Android alowe mu Settings, afufuze Digital Wellbeing. Pa Samsung pamalembedwa kuti Digital Wellbeing and parental controls. Pa iPhone ndi Screen Time. Zonse ziwirizi zinayamba mu 2018, ndiye mafoni ambiri amene ali m'manja mwa anthu lero ali nazo. Aone manambala atatu: maola amene app iliyonse yadya, mauthenga odzidzimutsa amene alowa pa tsiku, ndiponso kuti watsegula foni kangati. Alembe pa pepala masiku 7 otsatizana asanasinthe khalidwe, Loweruka ndi Lamlungu zikhalemo chifukwa masiku amenewo ndi amene manambala amalumpha. Kenako apite ku Data usage aone app imene ikumwa bandulo.

Kawirikawiri mumapeza kuti mbava ndi ziwiri kapena zitatu basi, zina zonse n'zosalakwa. Ndipo maolawo asawawerenge ngati ofanana. Maola awiri a mayi wogulitsa kaunjika akuyankha makasitomala pa WhatsApp ndi ntchito. Maola awiri oonera mavidiyo a anthu ovina ndi nkhani ina. Amene sanasiyanitse ziwirizi amataya foni yonse, pakatha sabata n'kubwerera ali wokwiya.

aMbewe: Achimwene aPhiri, kuyezako ndikuvomereza, koma ndikudziwa kumene mukupita: munena kuti aike App timer. Chimenechotu ndi chitseko chopanda loko. Pa iPhone nthawi ikakwana pamabwera batani la Ignore Limit, limakufunsa ngati ukufuna mphindi imodzi, mphindi 15 kapena tsiku lonse. Pa Android app imasanduka yotuwa mpaka 12 koloko usiku, koma mwini foni akhoza kulowa mu Settings n'kuchotsa malirewo m'masekondi ochepa. Wotseka ndi wotsegula ndi munthu mmodzi yemweyo, ndiye zithandiza chiyani?

aPhiri okonza mafoni: Simunaname aMbewe. Pa iPhone pali mankhwala ake: Screen Time passcode, manambala 4, aikidwe ndi munthu wina wapakhomo, ndipo muyatse Block at End of Limit. Pa Android chimene chimagwira ntchito ndi kuchotsa app yeniyeniyo. Facebook, TikTok ndi X zichotsedwe, munthu azilowa kudzera pa Chrome, akamaliza atuluke mu akaunti, ndipo Chrome akafunsa zosunga pasiwedi akane. Kulemba pasiwedi yaitali nthawi iliyonse kumagwetsa ulesi, ndipo ulesi umenewo ndi umene tikuufuna. Mafoni ena Facebook imabwera yomatiriridwa kufakitale, batani la Uninstall palibe. Pamenepo dinani Disable.

Nangondo: Ine ndikuona kuti ambiri vuto lawo si app, ndi kulira kwa foni. Munthu satenga foni kuti akaonere vidiyo. Yalira, wayang'ana kuti ndani, basi walowa. Ndiye tsekani pakhomo pomwepo.

Mu Settings, pa Notifications, zimitsani zonse kupatula kuimba, SMS, ndi WhatsApp ya anthu paokhapaokha. Magulu onse a WhatsApp muwaike pa Mute, musankhe Always, osati maola 8 kapena sabata imodzi. Aphokoso kwambiri muwaponye mu Archive, ndipo muonetsetse kuti Keep chats archived ndi yoyatsa, apo ayi uthenga watsopano ukalowa gululo limatulukiranso pamwamba. Dziwani kuti wina akakutchulani dzina ndi @ kapena akayankha uthenga wanu mwachindunji, foni ikuuzanibe. Zimenezo n'zabwino, chifukwa ndiye kuti nkhaniyo ndi yanudi.

Chachiwiri, mu WhatsApp momwemo, Storage and data, pa Media auto-download chotsani zizindikiro zonse. Gulu limodzi la mpingo kapena la anzanu a ku sekondale limatha kutumiza mavidiyo makumi angapo pa tsiku, foni n'kumawakoka yokha inu muli mtulo. Bandulo yambiri imathera pamenepa mwini wake asanaonere n'kamodzi komwe.

Usiku muyatse Do Not Disturb kuyambira 9 koloko mpaka 5 koloko m'mawa, koma mulole anthu amene mwawaika nyenyezi mu Contacts, ndiponso Repeat callers. Pa Android munthu akaimbanso kachiwiri pasanathe mphindi 15 foni imalira; pa iPhone ndi mphindi 3. Muyese ndi munthu wapakhomo, aimbe foni wamba kenako aimbe pa WhatsApp, chifukwa mafoni ena amalola yoyambayo n'kutsekera yachiwiriyo kunja. Osangoganiza kuti zatheka, matenda sauza nthawi.

aMbewe: Onjezeranipo ya YouTube. Mukazimitsa Watch history n'kufufuta yakale, tsamba loyamba limakhala lopanda kanthu, limangotsala ndi malo ofufuzira. Anayamba kuchita zimenezi mu 2023. Autoplay nayonso muzimitse. Ndiye mukafuna vidiyo ya kasokedwe ka kolala ya malaya mumaifufuza, mwaonera, yatha, palibe ina yokukokani mkono.

Za kusandutsa sikirini kukhala yakuda ndi yoyera anthu amazitama kwambiri. Pa Android zili mu Accessibility, Colour correction, Greyscale; pa iPhone zili mu Accessibility, Display & Text Size, Colour Filters. Zimathandiza masiku oyamba, maso akazolowera mphamvu yake imachepa. Ndipo wogulitsa zitenje kapena nsapato asayerekeze, atumizira kasitomala chofiira m'malo mwa chobiriwira.

Nabanda, woyang'anira gulu: Zonsezi zamveka, koma funso linali la munthu amene watsimikiza mtima kuti akufuna ka mabatani. Bambo Phiri, tiuzeni kasamukidwe kake.

aPhiri okonza mafoni: Chabwino. Pali zinthu zinayi zimene zimaonongeka pa tsiku losamuka, ndipo zonse n'zopeweka.

Choyamba ndi SIM. Foni yotatcha imalowa kakang'ono kwambiri kaja, nano. Timafoni tambiri ta mabatani, monga Nokia 105 ndi ma itel ena, timafuna yaikulu kapena yapakati. Mufunika kafelemu kapulasitiki kaja kamene SIM inathyoledwamo. Kuopsa kwake ndi uku: mkati mwa malo olowetsa SIM muli timawaya tagolide topindika m'mwamba. Kafelemu kakalowa kopanda SIM, kapena SIM ikasuntha pang'ono n'kusiya mpata, timawayato timakodwa m'mphepete mwa pulasitiki, ndiye mukamakoka timathyoka. Foni yatsopano n'kumalemba Insert SIM mpaka kalekale. Matani kathepi kopyapyala kuseri kuti SIM ndi kafelemu zikhale chinthu chimodzi, ndipo ikakana kutuluka musalimbane nayo. Amene akufuna kumasinthasintha SIM m'mawa ndi madzulo aiwale, malowo sapirira.

Chachiwiri ndi manambala a anthu. SIM imasunga maina pafupifupi 250, dzina lililonse nambala imodzi, ndipo dzina lalitali limadulidwa. "Amalume a ku Ntcheu a Airtel" ndi "Amalume a ku Ntcheu a TNM" onse amasanduka dzina limodzi lodukaduka. Njira yabwino ndi kulowa mu Contacts, Export, n'kutulutsa fayilo ya .vcf, kuiika pa memory card kapena kuitumiza pa Bluetooth ngati kafoniko kali nazo. Timafoni tina timakana fayilo yokhala ndi zithunzi za anthu kapena maina okhala ndi tizithunzi toseka tija, choncho konzani mainawo musanatulutse. Kunena zoona, manambala 800 simukuwafuna. Sankhani 60 kapena 80 amene mumawaimbiradi.

Chachitatu ndi ma code olowera mu akaunti. Amene amabwera pa SMS alibe vuto, amatsata SIM. Koma ngati imelo kapena akaunti ya kuntchito imadalira Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator, kafoni ka mabatani sikangathe. Musanagulitse kapena kufufuta foni yakale, tengani backup codes. Google imapereka 10, iliyonse ya manambala 8, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Zilembeni pa pepala, musunge kumene mumasunga chiphaso. Anthu ambiri amakumbukira zimenezi foni itapita kale ndi wogula.

Chachinayi ndi zithunzi. Zikopereni pa kompyuta kapena pa flash. Google imapereka 15 GB yaulere, koma imagawidwa pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo akaunti ikakhala zaka 2 osatsegulidwa ikhoza kufufutidwa.

aGondwe: Kumbali ya ndalama ndiye kuno kwathu tili ndi mwayi, chifukwa zambiri zinamangidwa pa USSD, manambala oimba aja oyamba ndi * n'kuthera ndi #, sizifuna intaneti. Airtel Money ndi *211#, Mpamba ndi *444#, Mo626 ya National Bank ndi *626#, Standard Bank ndi *247#, FDH ndi *525#. Kutumiza ndalama, kugula mayunitsi, kugula magetsi a ESCOM, kulipira madzi, zonse zimatheka pa kafoni kotchipitsitsa. Amene ali ku Ulaya sangasiye foni yotatcha mophweka ngati ife, mabanki ambiri kumeneko amafuna app.

Koma pali timisampha. USSD ili ndi nthawi yochepa. Mukachedwa kulemba nambala ya mita kapena ya akaunti imaduka, mumayambanso. Lembani nambalayo papepala pafupi musanayambe. Komanso mulibe mwayi wa kukopera ndi kumata ngati pa app, mumalemba pamanja, ndiye werengani dzina la wolandira limene likuoneka musanaike PIN.

Msampha waukulu ndi bokosi la mauthenga. Kafoni kamasunga ma SMS ochepa. Likadzaza, kamvulopu kamayamba kuphethira pamwamba pa sikirini, ndipo uthenga watsopano sulowa. Munthu wagula magetsi, ndalama yachoka, tokeni ya manambala 20 sikubwera, iye ali mumdima n'kumatukwana kampani, chonsecho vuto ndi mauthenga otsatsa malonda a miyezi itatu amene sanafufute. Fufutani sabata iliyonse, koma musiye okhala ndi Transaction ID ya malipiro akuluakulu monga fizi ndi lendi, kapena muilembe m'kabuku. Pa mkangano ndi ejenti kapena landilodi umboni wanu ndi umenewo, popeza screenshot palibenso.

Nasibeko: Bambo Gondwe, nanga kakabedwa? Pajatu kafoni kotere kalibe loko wa chala kapena wa nkhope.

aGondwe: Funso labwino mayi. Anthu amaganiza kuti kafoni kotchipa sikakopa mbava, koma mbava yochenjera sifuna foni, ifuna SIM. Pa kafoni kosakhoma aliyense amawerenga SMS zonse: ndalama zimene zatsala, dzina la banki, ngakhale code yolowera mu WhatsApp yanu. Ndiye chitani ziwiri. Ikani loko wa foni mu Security settings, ndipo musinthe nambala imene inabwera nayo kufakitale. Kenako yatsani SIM PIN, kuti SIM ikaikidwa mu foni ina ifunse nambala. Samalani: mukalakwitsa katatu imatsekeka n'kufuna PUK, imene ili pa khadi lalikulu lija munagulira SIM; mukalakwitsa PUK ka 10, SIM yafa, mupite ndi chiphaso cha unzika mukatenge ina. PIN ya SIM isafanane ndi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo isakhale chaka chobadwa.

Ndiponso musaganize kuti mwathawa akuba a pafoni. Aja oimba kuti "tatumiza ndalama molakwika, tibwezereni" kapena "mwapambana mphoto" amagwiritsa ntchito kuimba ndi SMS, ndiye kafoni ka mabatani amakapeza bwinobwino.

aZimba ku Joni: Ndawerenga zonse, koma mukukamba ngati foni ndi ya munthu mmodzi. Foni ndi ya abale. Amene wasiya WhatsApp wapulumutsa nthawi yake, koma mtengo wake amalipira ndi ena. Kuimba pa WhatsApp sikufika 1 MB pa mphindi, ndiye wa ku Johannesburg kapena Cape Town amacheza ndi kumudzi theka la ola ndi tindalama tochepa. Kuimba nambala ya +265 mwachindunji ndi nkhani ina, mayunitsi amasungunuka ngati mchere m'madzi. Zotsatira zake n'zakuti amene anali kuimba katatu pa sabata amayamba kuimba kamodzi pa mwezi, n'kumangonena zofunika zokhazokha.

Ndalama zokha sizivuta, wotumiza pa Mukuru wolandira amauzidwa pa SMS. Chovuta ndi nkhani za pamudzi. Masiku ano uthenga wa maliro, wa chinkhoswe, wa zopereka za kuchipatala umaponyedwa pa gulu la banja, ndipo aliyense amayesa kuti onse amva. Palibe amene amakumbuka kuti uje anatuluka. Munthu amadzamva maliro a azakhali ake ataikidwa kale, ndipo pamudzi sanena kuti "analibe WhatsApp", amati "wayamba kunyada".

Komanso agogo ambiri amene sawerenga amadalira voice note: mdzukulu amawadinira, iwo n'kulankhula. Mukachoka pamenepo mwawatsekera khomo.

Nangondo: Achimwene aZimba mwalasa. N'chifukwa chake ndondomeko iyenera kukhala ndi munthu m'kati, osati ma Settings okha. Musanachoke sankhani m'bale mmodzi pa gulu lililonse lofunika, la banja, la mpingo, la banki mkhonde, mumuuze mwachindunji kuti "za maliro, matenda ndi misonkhano muzindiimbira kapena kundiflasha". Mmodzi, wotchulidwa dzina. Mukangolengeza pagulu kuti "muzindiuza", aliyense ayesa kuti mnzake wakuuzani. Ndipo muzimugulirako mayunitsi, chifukwa mwamusenzetsa katundu wanu.

aPhiri okonza mafoni: Pali njira yapakati imene imathetsa zambiri zimene aZimba anena. WhatsApp sifuna kuti SIM ya nambala yake ikhale mu foni momwemo. Imafuna code kamodzi polembetsa, basi. Ndiye SIM yanu yaikulu, ya kuimba ndi ya ndalama, ipite mu kafoni ka mabatani, muziyenda nako. Foni yotatcha itsale kunyumba mu kabati, ili ndi WhatsApp ya nambala yomweyo, izilandira intaneti kuchokera pa SIM yachiwiri ya bandulo yokha kapena pa Wi-Fi. Muziitsegula kawiri pa tsiku pa nthawi yoikika, mwachitsanzo 12:30 masana ndi 6:30 madzulo, mphindi 20 kapena 30. A ku Joni muwauze nthawi imeneyo. Mwamwayi nthawi ya kuno ndi ya kumeneko ndi imodzi.

Masiku oti muwadziwe ndi awa. Uthenga umene sunafike pa foni yanu WhatsApp imausunga masiku 30, kenako umatayika. Ngati mwalumikiza WhatsApp pa kompyuta kudzera pa Linked devices, zimene zimalola zipangizo 4, foni yaikulu ikakhala masiku 14 osatsegulidwa kompyutayo imatulutsidwa. Ndipo akaunti ikakhala masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti imatha kufufutidwa, mumatuluka m'magulu onse. Choncho ngakhale amene akufuna kusala kwenikweni aziyatsa foniyo kamodzi pa sabata.

Muikenso Two-step verification, PIN ya manambala 6, ndi imelo yobwezeretsera. Ndipo nambala imene WhatsApp inalembetsedwa isagone. Nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali kampani imaibweza n'kuigulitsa kwa wina, ndipo mwini watsopanoyo akalembetsa WhatsApp amapezeka ali m'magulu anu.

aMbewe: Njira ya mafoni awiriyi ili ndi chilema chimodzi chimene tisabise: foni ya mu kabati ija imatuluka. Lero mwaitenga chifukwa mukupita kutauni, mawa chifukwa mukudikira uthenga wa ntchito, pakutha pa mwezi muli ndi mafoni awiri m'thumba ndipo palibe chasintha. Chimene chimathandiza ndi kuilanda zokoma. Ikhale ndi WhatsApp, imelo, Maps ndi kamera basi. Ndipo SIM yachiwiriyo muziigulira bandulo ya WhatsApp yokha kapena yaing'ono ya tsiku, osati ya mwezi. Inde pa MB iliyonse yaing'ono imadula kuposa yaikulu, koma bandulo yaikulu imakuitana kuti uimalize. Tchaja yake ikhale pabalaza, osati kuchipinda. Alamu ya m'mawa ikhale ya kafoni. Ma Nokia ambiri a mabatani amalira ngakhale atazimitsidwa.

aPhiri okonza mafoni: Poti mwatchula kabati: amene akuisunga nthawi yaitali asaisiye batire ili pa 0 kapena pa 100. Aisiye chapakati, cha m'ma 50, aizimitse, pamalo posatentha, osati pawindo kapena pansi pa malata. Batire ya lithium ikakhala yopanda moto miyezi ingapo imatha kukana kutchajanso, ina imafufuma mpaka kukankha chivundikiro chakumbuyo. Mukaona foni yayamba kusakhazikika bwino pa tebulo, ikugwedera ngati mbale yopindika, musaitchajenso.

Ubwino wa kafoni pa nkhani ya magetsi ndiye wosakanika. Batire ya 1000 mAh imatha masiku angapo, pamene ya 5000 mAh ya foni yotatcha imafuna moto tsiku lililonse. Kali ndi tochi, kali ndi wailesi ya FM yomvera Zodiak kapena MBC popanda bandulo, ngakhale tina timafuna mahedifoni kuti akhale mlongoti. Nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, magetsi atazima masiku angapo m'madera ambiri a kum'mwera, zinthu ngati zimenezi sizinali zoseweretsa. Achikulire pano akukumbuka timafoni tija tinkati Mose wa lero. Nzeru yake ndi yomweyo.

Nasibeko: Nanga a bizinesi? Telala, wophika makeke, wogulitsa pa status. Kwa amenewa kusiya foni ndi kutseka shopu.

Nangondo: Amenewo asasiye, aike maola ngati a shopu. Asamukire ku WhatsApp Business, ndi yaulere, ndipo macheza akale amasamuka nawo ngati apanga backup kaye. Mu Business tools muli Away message: mulembe kuti "Timayankha kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, zachangu imbani", muike Custom schedule kapena Outside of business hours. Mitengo ndi zithunzi ziikidwe mu Catalogue kuti funso la "ndi zingati" lisamakudzutseni usiku. Mayankho obwerezabwereza, monga nambala yolipirira ndi malo a shopu, aikidwe mu Quick replies.

Kutaya kulipo ndithu. Kasitomala wofunsa 9 koloko usiku amafunsa anthu atatu nthawi imodzi, woyamba kuyankha ndiye amadya. Amene malonda ake ndi a aliyense, monga mayunitsi a magetsi kapena zovala za kaunjika zofanana ndi za mnzake, ataya ena. Amene ali ndi luso lake, monga telala wodziwika, anthu amamudikira. Aliyense adziyeze yekha ali mbali iti.

Ophunzira a ku koleji ndi ofuna ntchito nawonso asadzinamize. Manotsi, kusintha kwa nthawi ya kalasi, zotsatsa ntchito, zonse zimayenda pa magulu ngati PDF. Kwa iwo njira ndi Linked devices pa laputopu: WhatsApp ikhale pa tebulo lowerengera, osati m'thumba.

aTembo ku Leeds: Kwa amene muli kunja, onani kaye netiweki musanagule. Timafoni totchipa tambiri ndi ta 2G yokha. Kuno ku UK makampani anagwirizana ndi boma kuti 2G ndi 3G zikhale zitatha pofika 2033, ndipo Vodafone ndi EE anazimitsa kale 3G mu 2024. Mugule ka 4G kokhala ndi VoLTE, kutanthauza kotha kuimba kudzera pa 4G, monga Nokia 105 4G kapena 110 4G, apo ayi mudzatsala ndi tochi yokha. Ndipo wogulitsa asakunamizeni kuti "aka ka mabatani kali ndi WhatsApp". Timafoni ta mabatani toyendera pulogalamu ya KaiOS tinalidi nayo, koma WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa KaiOS mu 2025. Timene tikadali nayo ndi tija tokhala ndi Android m'kati, ndipo timeneto timalowanso YouTube ndi zina zonse, ndiye mwangochepetsa sikirini.

Kunonso matikiti a sitima, mashifiti a kuntchito ndi banki zambiri zili pa app, kotero njira ya aPhiri ya mafoni awiri kapena ya Nangondo yotseka phokoso ndi imene ingatheke.

aGondwe: Kanthu kena kakang'ono kokhudza ife olemba Chichewa pa SMS. Uthenga umodzi umalola zilembo 160. Koma mukaikamo chilembo chimodzi chokha chimene sichili pa mndandanda wa GSM, monga ŵ wa mu Malaŵi, kapena kachithunzi koseka, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena kolola zilembo 70 zokha. Uthenga wautali ukamagawidwa, chigawo chilichonse chimakhala 153, kapena 67 ngati muli ŵ. Ndiye uthenga wa zilembo 150 umene ukanalipiridwa kamodzi umalipiridwa katatu chifukwa cha kadenga kamodzi pamwamba pa w. Uzani abale amene azikulemberani kuchokera pa foni yotatcha, chifukwa iwo ndi amene ali ndi zilembo zimenezo pafupi.

aZimba ku Joni: Imeneyo ndiye sindinaiganizepo, aGondwe. Nanga amene vuto lake ndi kandege, masewera obetcha a pa foni aja? Ambiri amene akuti atopa ndi foni, kwenikweni atopa ndi kuluza.

aGondwe: Kwa ameneyo kafoni kamathandiza theka. Kandege kamafuna sikirini ndi intaneti, ndiye kamachokadi. Koma kubetcha mpira makampani ena amalola pa USSD, ndipo mashopu awo ali paliponse. Chingwe chenicheni ndi ndalama ya mu foni, imene imalowa ku akaunti yobetchera m'masekondi. Apemphe kampaniyo itseke akaunti yake, ndipo mu Airtel Money kapena Mpamba musamagone ndalama yoposa ya tsiku limenelo. Yotsala ikhale kumene kuitenga kumafuna kuyenda kapena siginecha ya munthu wachiwiri.

Nasibeko: Funso lomaliza kwa ine. Facebook aifufute kapena angoisiya?

aMbewe: Ayambe ndi Deactivate. Dzina limabisika, zithunzi zimasungika, Messenger imagwirabe ntchito, ndipo akalowanso zonse zimabwerera. Delete ndi ina: amapatsidwa masiku 30 oti asinthe maganizo, akadutsa zapita. Asanafufute aone zitatu. Akope zithunzi zake kudzera pa Download your information. Ngati ndi yekha woyang'anira peji ya mpingo, ya sukulu kapena ya bizinesi, aike wina kaye, apo ayi pejiyo ifufutidwa limodzi ndi akauntiyo. Ndipo akumbukire malo onse amene analowa podina Continue with Facebook, chifukwa makiyi a kumeneko apita limodzi ndi akauntiyo. Adziwenso kuti zidziwitso zambiri za ESCOM, za mabodi a madzi ndi za nyengo zimayamba kuoneka pa masamba amenewa. Zina mwa izo amaziwerenga pa wailesi, koma osati zonse.

Nabanda, woyang'anira gulu: Wina wafunsa kuseri: ali ndi manambala awiri, ya ntchito ili mu foni yotatcha. Akaisiya kunyumba, oimba pa nambala imeneyo amupeza bwanji?

aPhiri okonza mafoni: Apatutse mafoni olowa. Pa foni yotatchayo aimbe **21* kenako nambala ya kafoni, n'kumaliza ndi #. Onse oimba azigwera ku kafoni. Ngati akufuna kuti zizipatuka pokhapokha foniyo ili yozima kapena kunja kwa netiweki, agwiritse **62* m'malo mwa **21*. Kuchotsa zonse ndi ##002#. Nambalayo ailembe yonse kuyambira ndi +265, osayamba ndi 0. Adziwe kuti gawo lopatutsidwalo amalipira ndi iyeyo, kuchokera pa mayunitsi a SIM imene yapatutsayo, ndiye ikakhala yopanda mayunitsi sizidutsa, ndipo kupatutsira ku netiweki ina kumadula kuposa Airtel ku Airtel kapena TNM ku TNM. SMS sizipatuka. Choncho SIM imene imalandira ma code a ku banki ndi matokeni a magetsi ndi imene iyenera kukhala mu kafoni ka m'thumba, inayo ndiyo itsale mu kabati.